Kodi Nora analakwa kusiya mwamuna ndi ana atatu?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina, komanso amayang'anira gulu la zisudzo la pasukulupo, walemba kuti: "Ndinawerenga ndi ana anga sewero la Henrik Ibsen lija la Nora, ndipo belu linalira mkangano usanathe. Ambiri akuti mwamuna wake samumenya, saledzera, alibe chibwenzi, ndalama amapereka. Nanga mkaziyu akuthawa chiyani mpaka kusiya ana atatu? Kunena zoona, nanenso mumtima mwanga ndikuona ngati Nora anachita nkhanza. Ndiwayankhe bwanji anawa?"

Mayi, ana anuwo awerenga ndi maso otsegula, ndipo musawatsutse pa zimene aonazo. N'zoona kuti Torvald Helmer sakweza dzanja pa mkazi wake. Ndi loya wosamala dzina lake, amagwira ntchito molimbika, amadana ndi ngongole, ndipo sewero likamayamba n'kuti atangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa banki. Ibsen, mlembi wa ku Norway amene analemba seweroli, anam'panga dala kukhala mwamuna wotere. Akanam'panga chidakwa chomenya mkazi, aliyense m'holo akanawombera Nora m'manja n'kupita kukagona mtima uli m'malo, poganiza kuti nkhaniyo ndi ya mabanja a anthu ena. Koma anthu amene anaonera seweroli koyamba ku Copenhagen pa 21 Disembala 1879 anaona pasiteji nyumba yofanana ndi zawo zomwe, ya piyano, mbaula yotenthetsa m'chipinda ndi mtengo wa Khirisimasi, ndipo mwamuna wa m'nyumbamo anali wofanana ndi iwowo kapena amuna awo. Mkangano umene unabuka m'kalasi mwanumo unayamba nthawi imeneyo.

Dzina la seweroli m'chinenero cha Ibsen ndi Et dukkehjem, ndipo pa Chingerezi limadziwika kuti A Doll's House. Tikati tilitchule m'Chichewa tingati nyumba ya chidole. Funso lanu lonse lagona pa liwu limenelo, chidole, ndiye tiyeni tione mmene Torvald amakondera mkazi wake, chifukwa kumukonda amamukondadi.

Chinsalu chikangotseguka, Nora akulowa atanyamula katundu wa Khirisimasi. Mnyamata wom'nyamulira mtengo akupempha theka la krone, ndalama ya ku Norway, iye akum'patsa krone yonse. Kenako akutulutsa m'thumba timabisiketi totsekemera, akudya kamodzi kapena tiwiri, akunyang'ama kukamvetsera pakhomo la ofesi ya mwamuna wake, ndipo atamva kuti alimo akubisa kathumbako n'kupukuta pakamwa. Auzeni ana anu aime pamenepa. Uyu ndi mayi wa ana atatu, wakhala pabanja zaka 8, koma akubisa bisiketi ngati kamwana kamene kaba shuga, chifukwa Torvald anamuletsa poti mano angaole. Torvald akatuluka samutchula ngati munthu wamkulu mnzake. Amati kambalame kanga koimba, kagologolo kanga, kowononga ndalama kanga. Amamukoka khutu mwachikondi, amamuwerengera ndalama m'manja imodziimodzi kufikira makrone 40, kenako amamuyang'ana m'maso n'kumufunsa ngati sanadutse kogulitsa zotsekemera. Nora akukana. Bodza loyamba m'seweroli ndi la bisiketi, ndipo ine ndimaliona ngati lofunika kwambiri kuposa mmene ambiri amalionera, chifukwa likutionetsa nyumba imene mkazi sangakhalemo popanda kunamiza mwamuna wake pa zinthu zazing'ono.

Bodza lalikulu ndi la ngongole. Banja litangoyamba, Torvald anadwala chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyeso. Madokotala anauza Nora, osati mwiniwakeyo, kuti akapanda kupita kudziko lotentha amwalira. Ulendo wa ku Italy unkafuna makrone 4,800. Torvald sakanalola ngongole ngakhale pang'ono, ndipo lamulo silinkalola mkazi wokwatiwa kukongola ndalama popanda chilolezo cha mwamuna wake. Mnzake wa Nora, Kristine Linde, amanena zimenezi poyera m'gawo loyamba ngati chinthu chimene aliyense amadziwa. Nora anapita kwa Nils Krogstad, amene anavomera kum'kongoza ngati bambo ake a Nora asainira kuti adzabweza iye akalephera. Bambowo n'kuti ali gone, akudwala mwakayakaya, ndipo Nora, amene anali woyembekezera, sanafune kuwavutitsa. Anasaina yekha dzina lawo. Tsoka lake n'lakuti analemba deti la 2 Okutobala, pamene bambo akewo anamwalira pa 29 Seputembala. Krogstad anaona masiku atatu amenewo ndipo anasunga pepalalo.

Zaka zonse zotsatira Nora wakhala akubweza ngongoleyo mwakachetechete. Amapatula pa ndalama zogulira zovala zake, amagula nsalu zotchipa, ndipo Khirisimasi yapitayo ankadzitsekera m'chipinda mpaka usiku kukopera makalata a anthu kuti alipidwe, mwamuna wake akuganiza kuti akukonza zokongoletsa. Pofotokozera Kristine, akuti ntchitoyo inkamutopetsa koma inkamusangalatsa, chifukwa ankamva ngati ndi mwamuna. Choncho munthu amene Torvald amamutcha wowononga ndalama ndi amene anapulumutsa moyo wake, ndipo ndi amene amadziwa bwino mtengo wa krone iliyonse m'nyumbamo. Nora sangamuuze. Akuti Torvald, ndi kunyada kwake kwa chimuna, angachite manyazi kwambiri atadziwa kuti ali ndi mangawa kwa mkazi wake, ndipo banja lawo silingakhalenso monga kale. Onani mmene zakhalira: kuti mwamuna apitirize kudziona ngati mutu wa banja, mkazi ayenera kubisa mphamvu zake n'kumadzichepetsa ngati kamwana.

Tsopano Krogstad amagwira ntchito pa banki imene Torvald akukatsogolera, ndipo poopa kuchotsedwa akuopseza Nora kuti aulula za pepala lija akapanda kumuchonderera kwa mwamuna wake. Akamuopseza choncho, Nora akunena kuti anachita zonsezo chifukwa cha chikondi. Krogstad akuyankha kuti lamulo silifunsa chifukwa. Nora akuti ngati ndi choncho lamulolo n'loipa. Pa 19 Okutobala 1878, ali ku Rome, Ibsen analemba m'kabuku kake maganizo oyamba a seweroli, ndipo mfundo yake inali yomweyi: kuti pali chikumbumtima cha mwamuna ndi cha mkazi, koma mkazi amaweruzidwa ndi lamulo la amuna, lolembedwa ndi amuna, pamaso pa oweruza aamuna. Ku Norway mkazi wosakwatiwa anali atapatsidwa kale ufulu woyendetsa zinthu zake mu 1863, koma wokwatiwa anadikira mpaka 1888. Izi zikutanthauza kuti pa nthawi ya seweroli, mkazi akalowa m'banja ankabwerera pa udindo wa mwana pamaso pa lamulo. Pamene Torvald akutcha Nora mwana, boma linali kumbali yake.

Pali kanthu kena kamene ana anu angakamve msanga, chifukwa chinenero chathu chimasiyanitsa iwe ndi inu. Nora akuchonderera kuti Krogstad asachotsedwe ntchito kubanki, ndipo Torvald pomaliza akuulula chimene chikumuwawa kwenikweni. Awiriwa anaphunzira limodzi, ndipo Krogstad amamuitana ndi iwe, pomutchula dzina loyamba, pamaso pa antchito ena. Nora akudabwa n'kunena kuti chifukwa chimenecho n'chachibwana. Torvald akupsa mtima, ndipo nthawi yomweyo akutuma wantchito kukapereka kalata yochotsa Krogstad. Munthu wataya ntchito, ana ake ali panjala, chifukwa cha iwe mmodzi. Apa ndi pamene timayamba kuona kuti chimene Torvald amachitcha ulemu ndi mantha a zimene anthu anganene.

Tsopano gawo lachitatu, limene ndikupemphani kuti muliwerenge ndi ana anu pang'onopang'ono, mokweza, anthu awiri ataimirira. Kalata ya Krogstad youlula chinsinsi cha Nora kwa Torvald ili m'bokosi la makalata, ndipo kiyi wake ali ndi Torvald yekha. Nora wavina gule wa ku Italy wotchedwa tarantella kuphwando la m'nyumba yapamwamba, ndipo atsika Torvald atamwa pang'ono, akumufuna mkazi wake. Akumukumbatira n'kunena kuti nthawi zambiri amalakalaka tsoka lalikulu litamugwera Nora, kuti iye ataye moyo ndi magazi ake pomupulumutsa. Nora amakhulupirira mawu amenewa ndi mtima wonse. Chimene amachitcha chodabwitsa, chimene wakhala akuchiyembekezera ndi kuchiopa, n'chakuti Torvald akadziwa adzaima pamaso pa anthu n'kunena kuti wolakwa ndine. Ndipo Nora wakonzeka kukadziponya m'madzi ozizira usiku womwewo kuti mwamuna wake asasenze mlandu wake. Mkazi amene ana anu akumuona ngati wouma mtima anali pakhomo, atafunda shawelo, akupita kukafera mwamuna wake.

Torvald akutuluka kalata ili m'manja. Sakufunsa kuti unavutika bwanji zaka zonsezi. Akumutcha wachinyengo, wabodza, chigawenga. Akunyoza malemu bambo ake a Nora kuti ndiwo anam'patsira khalidwe lotayirira. Akudandaula kuti tsogolo lake lawonongeka ndipo ayenera kugonjera Krogstad pa chilichonse. Kenako akugamula: pamaso pa anthu zonse zizioneka ngati kale, Nora azikhalabe m'nyumbamo, koma ana sadzawalera, chifukwa sangamukhulupirire nawo.

Mayi, gwirani mawu amenewa, chifukwa ndi theka la yankho la funso lanu. Woyamba kulekanitsa Nora ndi ana ake ndi Torvald, ndipo lamulo likanamulola. Ndiponso ululu umenewu anaubzala kale kumapeto kwa gawo loyamba, pamene ankalankhula za Krogstad osadziwa kuti akubaya mkazi wake. Anati nyumba ya mabodza imadwalitsa ana, ndipo pafupifupi onse amene anasokera ali aang'ono anali ndi amayi abodza. Kuyambira pamenepo Nora anayamba kupewa ana ake, akuopa kuti akuwaipitsa. Akamadzanena kumapeto kuti sali woyenera kuwalera, akubweza chiweruzo chimene mwamuna wake anapereka kawiri.

Belu likulira. Wantchito akubweretsa kalata yachiwiri, ndipo Krogstad wabweza pepala la ngongole lija, wasiya zoopsezazo. Torvald akufuula kuti wapulumuka. Nora akufunsa kuti, nanga ine? Akuti, iwenso, inde. Akuponya mapepala onse pamoto, ndipo mphindi zochepa chabe atamutcha chigawenga, akumuuza kuti wamukhululukira. Akuwonjeza kuti mwamuna akakhululukira mkazi wake amamva kukoma, chifukwa mkaziyo amakhala wake kawiri, mkazi wake ndi mwana wake pamodzi. Ine ndikafika pamenepa thupi limachita tsembwe kuposa pa zotukwana zija. Munthu atakwiya amalankhula zambiri zimene amadzanong'oneza nazo bondo. Koma apa Torvald wakhazikika, ndi wokondwa, akunena za mumtima mwake, ndipo zimene akulonjeza n'zakuti mawa m'mawa chidole chibwerere pamalo pake.

Nora akuvula zovala za gule zija, akuvala za masiku onse, ndipo akuuza mwamuna wake kuti akhale pansi patebulo. Akuti pa zaka 8 za banja lawo, aka n'koyamba kuti awiriwo akambirane nkhani yeniyeni. Akuti bambo ake ankamutcha mwana wawo wachidole n'kumaseweretsa, kenako anachoka m'manja mwawo n'kulowa m'manja mwa Torvald, ndipo iyenso ana ake wakhala akuwaseweretsa ngati zidole. Torvald akumukumbutsa udindo wake wopatulika kwa mwamuna ndi ana, ndipo iye akuyankha kuti ali ndi udindo wina wopatulika mofanana, kwa iye mwini, ndipo choyamba ndi munthu monga mmene Torvald alili munthu. Torvald akudziteteza kuti palibe mwamuna amene angataye ulemu wake chifukwa cha amene amamukonda. Nora akuti akazi mazana a zikwi achita zimenezo. Akubweza mphete, akutenga yake, akusiya makiyi, akukana kulandira kalata kapena thandizo lililonse, ndipo chitseko cha kunja chikumveka chikutsekeka.

Mwina wina m'kalasi mwanu afunsa kuti bwanji sanaitane ankhoswe. Funsolo n'labwino, chifukwa likuonetsa mmene Nora alili yekha. Mayi ake kulibe, bambo ake anamwalira, m'seweroli simuoneka malume, mchimwene kapena mbale aliyense womuimira. Nyumba ya a Helmer ndi banja la m'tauni lotsekeka, limene mwamuna ndiye woweruza, wosunga ndalama ndi wosunga kiyi. Kulibe bwalo limene Nora akanakatulako nkhawa zake. Ndipo ngakhale likanakhalako, akanakanena kuti chiyani? Kuti amandikonda ngati kambalame? Ambiri akanamuuza kuti abwerere, banja ndi kupirira. Vuto limene Ibsen akulionetsa ndi lopanda chilonda choonetsa anthu.

Pa nkhani ya ana, Ibsen anaika akazi ena awiri pafupi ndi Nora kuti tiyerekeze. Anne-Marie, mlezi wa ana a Nora, ndi yemwe analeranso Nora ali wakhanda. Kuti apeze ntchito imeneyo anapereka mwana wake wamkazi kwa anthu achilendo, chifukwa anali mtsikana wosauka amene mwamuna anam'patsa pathupi n'kumusiya. Nora akumufunsa kuti mtima wake unalola bwanji, iye akuyankha kuti sakanachitira mwina, ndipo anachita mwayi kupeza malo abwino. Palibe amene amadzudzula Anne-Marie. Mayi wosauka akasiya mwana wake kuti akalere wa olemera, anthu amati ndi ntchito. Mayi wa m'nyumba yabwino akasiya ana m'manja mwa bambo awo ndi mlezi wokhulupirika kuti akadzipeze yekha, anthu amati ndi chilombo. Afunseni ana anu chifukwa chake mitima yawo inawawa pa mmodzi yekha.

Kristine Linde nayenso anasiya Krogstad, amene ankamukonda, n'kukwatiwa ndi munthu wachuma kuti asamalire mayi ake odwala ndi alongo ake awiri aang'ono. Mwamunayo anamwalira osasiya kanthu, ndipo Kristine wakhala akudzigwirira ntchito. Usiku womwe Nora akutuluka m'banja, Kristine akulowa m'banja, ndipo ndi iye amene akufunsira Krogstad, onse awiri akudziwana zolakwa zawo, mkazi ali ndi ntchito yake kubanki. N'chifukwa chake sindivomereza amene amati seweroli limadana ndi ukwati. Ibsen akutionetsa ukwati umodzi ukugwa ndi wina ukumangidwa pa usiku umodzi, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriwo ukuyamba ndi anthu awiri akuluakulu ouzana zoona.

Muwauzenso kuti nkhaniyi inachokera pa munthu weniweni. Laura Kieler, mlembi amene ankadziwana ndi banja la Ibsen, anakongola ndalama mobisa kuti mwamuna wake, wodwala chifuwa chachikulu, apite kumayiko otentha. Atalephera kubweza analemba pepala lachinyengo. Mwamunayo atadziwa anafuna kuthetsa banja, anamulanda ana, ndipo Laura anatsekeredwa kwa kanthawi m'chipatala cha odwala misala. Patapita nthawi anabwerera kwa mwamuna yemweyo ndi ana ake, ndipo zinamupweteka kwa zaka zambiri kuti anthu ankamuloza kuti Nora ndi uyu. M'moyo weniweni mkazi sanatuluke yekha, anatulutsidwa. Ibsen anatembenuza zimenezo n'kupereka chitseko m'manja mwa mkazi.

Kuwawidwa kwanu mtima pa ana si kwachilendo. Mu 1880 katswiri wa zisudzo wa ku Germany, Hedwig Niemann-Raabe, anakana kusewera mathero amenewo ponena kuti iye sangasiye ana ake. Popeza malamulo sankateteza ntchito yake ku Germany, Ibsen anaopa kuti ena alisintha moipa, choncho analemba yekha mathero ena, mmene Torvald akukokera Nora pakhomo la chipinda cha ana ogona, Nora n'kugwa pansi osachoka. Ibsen mwiniwake anati kusinthaku kunali kulichitira nkhanza seweroli. Mathero amenewo sanakhalitse. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti sathetsa kanthu: mkazi amene wangonena kuti mwamuna amene wabereka naye ana atatu ndi mlendo kwa iye akukhalabe m'nyumbamo, ndipo ana akugwiritsidwa ntchito ngati loko.

Sindikukuuzani kuti muphunzitse ana kuti Nora anachita bwino pa zonse. Ana ake, Ivar, Bob ndi Emmy, adzadzuka m'mawa mayi awo kulibe, ndipo sanalakwe kanthu. Ibsen sakubisa zimenezo, ndipo ankaliona seweroli ngati nkhani ya tsoka. Ngakhale mawa la Nora silowala. Mu 1923 mlembi wa ku China, Lu Xun, analankhula kwa ophunzira aakazi ku Beijing pa funso lakuti chimachitika n'chiyani Nora akatuluka, ndipo anati popanda ndalama zakezake njira ndi ziwiri zokha, kugwa m'moyo woipa kapena kubwerera. Ibsen yemwe mu 1898 anauza bungwe lomenyera ufulu wa akazi ku Norway kuti sanalembe ndi cholinga chomenyera nkhondo yawo, ntchito yake inali kufotokoza za munthu. Ena amagwiritsa ntchito mawu amenewa ponena kuti seweroli silikhudza akazi. Ine ndimawamva mwina, chifukwa munthu yemweyo mu 1884 anasaina nawo chikalata chopempha kuti akazi okwatiwa akhale ndi chuma chawochawo. Kunena kuti nkhani ya Nora ndi ya munthu kunali kunena chimene lamulo la nthawiyo linkakana, kuti mkazi wokwatiwa ndi munthu wathunthu.

Maganizo anga ndi akuti Nora anavulaza ana ake pochoka, ndipo akanawavulazanso pokhala, chifukwa Emmy akanakula akuphunzira kubisa bisiketi ndipo Ivar akanakula akuphunzira kukoka khutu. Mlandu waukulu ndimauika pa dongosolo limene linam'siyira njira ziwiri zokhazo, ndipo Torvald nayenso linamupundula, chifukwa anamuphunzitsa kuti mwamuna sathandizidwa ndi mkazi, moti pa usiku umene anafunika kungonena kuti zikomo analibe mawuwo m'kamwa.

Mukakumananso ndi gulu lanu, musayambe ndi kufunsa ngati Nora analakwa. Sankhani mnyamata amene akuikira kumbuyo Torvald kwambiri, mum'patse gawo la Torvald kuyambira pa kalata yoyamba kufikira pa kukhululuka kuja, ndipo mtsikana wosewera Nora aime chete akumuyang'ana monga mmene Ibsen analembera, akuyankha ndi mawu amodziamodzi. Ena onse awerenge pa pepala kuti Torvald wanena kangati ine ndi zanga, ndipo wafunsa kangati za mmene Nora akumvera. Akamaliza, mufunse mnyamatayo kuti pa mawu onse amene walankhula, ndi ati amene akanafuna kuwabweza, ndipo akanati chiyani m'malo mwake kuti mkaziyo asavale chikhoti chake.